Liwiro la Galimoto Pakati pa Nyumba za Anthu

Msewu ukadutsa pakati pa nyumba za anthu umakhala ndi eni ake awiri amene zofuna zawo sizigwirizana. Woyendetsa galimoto amauona ngati njira yopitira kwina, ndipo chimene amafuna ndi kufika msanga. Munthu wokhala m'mbali mwa msewuwo amauona ngati khomo la nyumba yake, pakuti mwana wake amaoloka pomwepo popita ku sukulu, nkhalamba imaoloka pomwepo popita ku chipatala, ndipo sitolo ili tsidya linalo. Tsono funso lakuti galimoto zizithamanga motani pamalo otere, ndiponso ndani ayenera kufunsidwa zisanagamulidwe, limaoneka laling'ono. Komatu funso limeneli lidagwedeza boma la dziko la Wales m'chaka cha 2023, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuimva aliyense wokhala pafupi ndi msewu wa tala.

Wales ndi limodzi mwa maiko anayi amene amapanga United Kingdom, ndipo lili kumadzulo kwa England. Anthu ake ndi opitirira pang'ono 3 miliyoni. Lili ndi nyumba ya malamulo yakeyake yotchedwa Senedd, mu mzinda wa Cardiff, ndiponso makhonsolo 22 amene amayang'anira misewu yambiri ya m'madera awo. Galimoto zimayenda kumanzere monga kuno ku Malawi, koma mtunda amawerengabe m'mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6.

Malire a liwiro m'matauni a ku Britain ali ndi mbiri yake. Mu 1930 nyumba ya malamulo ya ku London idafafaniza malire a liwiro la galimoto zing'onozing'ono, popeza oyendetsa ambiri sankawasamala. Koma imfa zapamsewu zidapitirira kuchititsa mantha. Mu 1934 mokha anthu oposa 7,300 adafa, ndipo pafupifupi theka la iwo anali oyenda pansi. Chaka chomwecho padakhazikitsidwa lamulo lakuti m'malo okhala anthu galimoto isapitirire mamailosi 30 pa ola, amene ndi makilomita 48, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1935. Malo okhala anthu adawazindikiritsa ndi nyale za mumsewu. Paliponse pamene nyale zidandandalikidwa motalikirana mayadi osapitirira 200, woyendetsa ankadziwa yekha kuti malire ndi 30, ngakhale pasakhale chikwangwani. Zidakhala choncho zaka pafupifupi 90, mwakuti agogo, ana ndi adzukulu omwe adaphunzira kuyendetsa galimoto nambala imeneyi ili m'mutu.

Mu July 2022 aphungu a Senedd adavomereza kuti m'misewu yonse yokhala ndi nyale zotere malire atsike kufika pa mamailosi 20 pa ola, ndiye kuti makilomita 32. Lamuloli lidayamba kugwira ntchito pa 17 September 2023, pamene mtsogoleri wa boma la Wales anali a Mark Drakeford, ndipo amene adaisenza nkhaniyi anali wachiwiri kwa nduna, a Lee Waters. Wales lidakhala dziko loyamba mu United Kingdom kuchita zimenezi dziko lonse nthawi imodzi.

Chifukwa chimene boma lidaperekera chimamveka bwino munthu akaganizira m'mene galimoto imaimira. Galimoto siima pomwe diso laona ngozi. Pali mtunda umene imayenda woyendetsa asanaponde buleki, pamene diso likuuza mutu ndipo mutu ukuuza phazi. Pali mtunda winanso umene imayenda buleki itagwira kale. Buku la malamulo apamsewu la ku Britain, lotchedwa Highway Code, limaonetsa kuti pa liwiro la mamailosi 20 galimoto imayenda mamita 6 woyendetsa akuganiza ndi mamita 6 ena buleki itagwira, onse pamodzi mamita 12. Pa liwiro la mamailosi 30 imayenda mamita 9 ndi mamita 14, onse pamodzi mamita 23. Mtunda umenewu ndi wa pamsewu wouma, matayala ndi mabuleki zili bwino. Kukagwa mvula umatalikirapo.

Tsono mwana atulukire kuseri kwa basi, mamita 12 kutsogolo kwa galimoto ziwiri. Yoyamba, yoyenda mamailosi 20, idzaima pamapazi ake, ndipo mwanayo adzapita kwawo ndi mantha okha. Yachiwiri idzakhala itatha kale mamita 9 buleki isanapondedwe, ndipo idzangotsala ndi mamita 3 oti ichepetsere liwiro. Idzamugunda ikuthamangabe makilomita oposa 40 pa ola. Mphamvu ya kugundako siikwera pang'onopang'ono monga liwiro likwerera. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, kotero kuchoka pa 20 kufika pa 30 mphamvu imaposa kuwirikiza kawiri. Boma la Wales linkanena kuti munthu wogundidwa pa mamailosi 30 ali pa chiopsezo cha imfa chowirikiza pafupifupi kasanu kuposa wogundidwa pa mamailosi 20.

Nanga woyendetsa amataya chiyani? Kilomita imodzi pa liwiro la makilomita 48 imatenga masekondi 75, ndipo pa liwiro la makilomita 32 imatenga masekondi 113. Kusiyana kwake sikufika masekondi 40. Kwa munthu wodutsa m'mudzi umodzi pa tsiku ndi kanthu kochepa zedi. Koma woyendetsa basi, wogawa katundu m'masitolo, kapena namwino woyendera odwala khomo ndi khomo, amene amathera tsiku lonse m'misewu ya m'tauni, masekondi amenewa amamuunjikira kukhala nthawi yeniyeni, ndipo dandaulo lake si lachibwana.

Boma silidangodzuka ndi lamuloli. Chipani cholamula chidalilemba m'malonjezo ake a chisankho cha 2021, lidayesedwa m'madera 8, ndipo mu 2021 momwemo anthu adapemphedwa kulemba maganizo awo. Adayankha pafupifupi 6,000, ndipo otsutsa adachulukirapo kuposa ovomera. Boma lidadalira kafukufuku wina amene adaonetsa kuti ambiri akufuna liwiro lotsika m'madera amene iwo eni amakhala, ndipo lidapitirira ndi maganizo ake. M'tauni ya Buckley, imodzi mwa malo oyeserawo, anthu adadandaula kwambiri kuti malire a 20 aikidwa ngakhale m'misewu ikuluikulu yodutsa. Limeneli linali chenjezo lomveka, koma silidasamalidwe mokwanira.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza aliyense wofunsa maganizo a anthu pa nkhani ya misewu. Munthu mmodzi yemweyo amayankha pawiri. Akafunsidwa za msewu wa pakhomo pake, amati galimoto ziziyenda pang'onopang'ono. Akafunsidwa za msewu wa pakhomo pa mnzake, umene iye amadutsa popita ku ntchito, amati malirewo ngochedwetsa. Sanama pa mayankho onse awiri. Ndiponso amene amalemba makalata ku boma nthawi zambiri ndi anthu okwiya, odziwa kulemba, okhala ndi mpata. Mwana wa zaka 7, amene lamulolo lapangidwira, salemba kalata.

Lamulo litayamba, mkwiyo udabuka. Zikwangwani zatsopano zidapakidwa utoto, zina zidazulidwa, ndipo oyendetsa galimoto adachita zionetsero poyenda pang'onopang'ono mwadala m'misewu ikuluikulu. Chikalata chopempha kuti lamuloli lichotsedwe chidasainidwa ndi anthu pafupifupi 470,000, ngakhale ena a iwo anali a kunja kwa Wales, ndipo panali pasanakhalepo chikalata chachikulu chotere mu mbiri ya Senedd. Aphungu otsutsa adayesa kuchotsa a Lee Waters pa udindo mwa voti, koma sizidatheke. Ambiri adadandaulanso za ndalama, pakuti ntchito yosintha zikwangwani ndi yodziwitsa anthu idadya mapaundi oposa 30 miliyoni.

Kuti mkwiyowu umveke bwino, mpofunika kudziwa m'mene zinthu zimayendera masiku onse khonsolo ya ku Britain ikafuna kusintha liwiro pa msewu umodzi. Lamulo la 1984 ndi malangizo otsatira pake zimafuna kuti khonsolo ifunse apolisi ndi ena okhudzidwa, ilengeze mu nyuzipepala ya m'deralo, ndi kuika mapepala ofotokoza ntchitoyo pamalo pamene aliyense angathe kuwaona. Kawirikawiri chidziwitso chimamangidwanso pa mitengo ya nyale ya msewu womwewo. Anthu amapatsidwa masiku osachepera 21 oti alembe zotsutsa, ndipo ayenera kupereka zifukwa. Khonsolo iyenera kuziganizira zonse, ndipo ikagamula mosiyana ndi wotsutsayo iyenera kumuuza chifukwa chake. Uku si kuponya voti. Makalata 100 ongonena kuti sitikufuna angathe kupepuka pamaso pa kalata imodzi yosonyeza kuti pamalopo pamakhotera basi ya ana a sukulu, kapena kuti msewuwo ulibe nyumba mbali zonse ziwiri. Njira imeneyi ndi yochedwa ndiponso yodula, koma ubwino wake ngwakuti funso limakhala la msewu wodziwika, umene wofunsidwayo amaudziwa kona ndi kona.

Lamulo la 2023 silidadzere njira imeneyi, chifukwa lidasintha misewu yonse ya nyale nthawi imodzi. Makhonsolo adapatsidwa mphamvu yopatula misewu imene adaona kuti ingathe kukhalabe pa 30, monga misewu yotakata yodutsa kutali ndi masukulu, zipatala ndi makomo a anthu. Makhonsolo ena adapatula misewu yambiri, ena adapatula yochepa kwambiri, mwina poopa kuti ngozi ikadzachitika pa msewu wopatulidwa mlandu udzagwera iwo. Kotero woyendetsa ankapezeka akuyenda mamailosi 20 pa msewu wotakasuka wopanda woyenda pansi ndi mmodzi yemwe, ndipo akalowa m'dera la khonsolo ina msewu wofanana nawo unali pa 30. Lamulo likaoneka lopanda nzeru pamalo amodzi, anthu amayamba kulinyoza ngakhale pakhomo pa sukulu pamene lili ndi nzeru zonse.

Mu 2024 utsogoleri wa boma la Wales udasintha, ndipo nduna yatsopano ya za mtengatenga, a Ken Skates, idalengeza mu April kuti boma limvera anthu. Lamulo silidachotsedwe. Anthu adapemphedwa kuuza makhonsolo awo misewu imene akuganiza kuti ibwerere pa 30, potchula dzina la msewu ndi chifukwa chake, ndipo mu July makhonsolo adalandira malangizo atsopano oweruzira mapemphowo. Mapempho adabwera zikwizikwi. Makhonsolo adawapenda msewu ndi msewu, ndipo ofuna kusintha adatsata njira ija ya chidziwitso ndi masiku 21. Pofika 2025 khonsolo ya Wrexham idavomera kubweza misewu pafupifupi 50, pamene mzinda wa Cardiff udasintha yowerengeka chabe. Ntchito imene idachitika mu 2024 ndi 2025 ndiyo ikadayenera kuchitika mu 2022. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Boma la Wales lidafunsa ndithu, koma lidafunsa funso la dziko lonse pamene anthu anali ndi mayankho a msewu umodziumodzi.

Nanga lamulolo lidathandiza? Ziwerengero za apolisi za miyezi 12 yoyamba, kuyambira October 2023 kufikira September 2024, zidaonetsa kuti ovulala ndi akufa m'misewu ya malire a 20 ndi 30 adachepa ndi 28 pa 100 alionse poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Akufa ndi ovulala modetsa nkhawa adachepa ndi anthu pafupifupi 100. Makina oyeza liwiro adaonetsa kuti galimoto zidatsika ndi mamailosi pafupifupi 4 pa ola, osati 10, ndiye kuti ambiri sadamvere lamulo kwathunthu koma adapeputsako phazi. Akatswiri a ziwerengero amachenjeza kuti chaka chimodzi sichikwanira kugamulirapo, popeza ngozi zimakwera ndi kutsika pa zifukwa zambiri. Komabe anthu 100 si ochepa. Chovuta nchakuti opulumukawo sadziwika. Palibe banja limene lingaime pa msonkhano ndi kunena kuti mwana wathu uyu ndi mmodzi wa iwo, pamene wochedwa ku ntchito amadzidziwa ndipo amalankhula.

Chikwangwani chokha chili ndi malire ake. Kafukufuku amene boma la Britain lidafalitsa mu 2018 adapeza kuti m'madera a ku England kumene adangoika zikwangwani za 20, liwiro lidatsika ndi mailosi imodzi yokha kapena pamenepo. Woyendetsa amamvera msewu kuposa chikwangwani: msewu wotakata, woongoka ndi wosalala umamuuza kuti athamange. Nchifukwa chake akatswiri a misewu amasintha maonekedwe a msewu weniweniwo. Amaika zitunda zopingasa, zimene ambiri amazitchula kuti mahampu. Amakweza malo oolokerapo anthu kuti afanane ndi njira ya oyenda pansi, amachepetsa kutakata kwa msewu polowa m'mudzi, kapena amaukhotetsa mwadala. Akatswiri a London School of Hygiene and Tropical Medicine adapenda ngozi za mu mzinda wa London za pakati pa 1986 ndi 2006, ndipo mu 2009 adalengeza kuti m'madera a malire a 20 okhala ndi zinthu zotere ovulala adachepa ndi pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndipo opindula kwambiri anali ana.

Mahampu nawonso ali ndi zovuta zake. Amachedwetsa ambulansi ndi galimoto zozimitsa moto, amapweteka wodwala wogona pa machira, ndipo lole yopanda katundu ikadumphapo usiku imadzutsa mudzi wonse. Lamulo la ku Britain silola kuti chitunda chipitirire masentimita 10 kutalika kwake, ndipo limafuna kuti apolisi, a ambulansi ndi ozimitsa moto afunsidwe chisanamangidwe. M'misewu yodutsa mabasi amakonda kuika zitunda zing'onozing'ono zosafika m'mphepete, zimene matayala a basi amazitaya pakati koma galimoto yaing'ono siingazizembe.

Nkhani ya liwiro lotsika si ya ku Wales kokha. Mu February 2020 nduna za maiko ambiri zidakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ndi kugwirizana kuti pamene galimoto ndi anthu oyenda pansi kapena pa njinga amasakanikirana kawirikawiri, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, pokhapokha pali umboni wakuti liwiro loposa apo nlosaopsa. Bungwe la United Nations lidaika zaka za 2021 mpaka 2030 kukhala zochepetsa imfa zapamsewu ndi theka. Lipoti la bungwe la zaumoyo la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, kuti ngozi zimenezi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndi kuti chigawo cha Africa ndicho chili ndi imfa zambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake.

Kuno ku Malawi kusakanikirana kumene adakunena ku Stockholm kumaoneka tsiku ndi tsiku. Msewu wa M1, wochokera ku Nsanje kukafika ku Karonga, ndi njira ya malole olemera ndi mabasi a mtunda wautali, komanso ndi bwalo la msika pa Lunzu, pa Lizulu, pa Mponela ndi pa Jenda, pamene mbatata ndi tomato zimayalidwa m'mphepete mwenimweni mwa tala, akabaza akudikira okwera, ana akuoloka. Mu 2019 lole idalowa m'khamu la anthu pa msika wa Kampepuza ku Ntcheu ndi kupha anthu oposa khumi. Pamalo otere funso silikhala la liwiro lokha. Pamafunika kukambirana za pamene msika uyenera kukhala, pamene minibasi ziyenera kuima, ndi pamene anthu amaolokeradi, osati pamene pepala likuti aziolokera.

Njira yoperekera maganizo ilipo. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, nkhani za chitukuko zimayambira ku komiti ya m'mudzi, VDC, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kufikira ku khonsolo kumene kuli makhansala. Misewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, kotero pempho lokhudza msewu wotere khonsolo imayenera kulipititsa kumeneko. Pempho lamphamvu ndi lija lotchula malo enieni, nthawi imene ana amaoloka, tsiku la msika, ndi ngozi zimene apolisi adalemba pamalopo. Msonkhano wake umayenera kukhala ndi mphunzitsi wamkulu, amayi ogulitsa malonda, akabaza, oyendetsa minibasi ndi woyendetsa ambulansi ya chipatala chapafupi, pakuti aliyense wa iwo amadziwa mbali ya msewuwo imene mnzake saidziwa. Uchitikenso ntchito yokonza msewu isanayambe, chifukwa kuwonjezera malo oolokera pa pepala nkotsika mtengo kuposa kudzakumba tala wouma kale.

Pamene anthu adandaula osayankhidwa, nthawi zina amadziumbira okha chitunda cha dothi ndi miyala tsiku lotsatira maliro. Chisoni chawo nchomveka, koma chitunda chotere chilibe utoto, chilibe chikwangwani chochenjeza, ndipo msinkhu wake ngwongoyerekeza. Woyamba kuchigunda usiku kawirikawiri amakhala wa njinga yamoto wa m'mudzi momwemo, atanyamula wokwera kumbuyo.